Telala wa Pakhonde pa Nkando

Munthu akachoka ku Limbe kulinga ku Mulanje podzera msewu wa Midima, amafika pa Nkando phiri la Mulanje litayamba kale kuoneka bwino patsogolo pake. Pamenepo pali msika, pali masitolo ondandalika m'mbali mwa msewu, ndipo pa makonde a masitolo ena pamakhala amuna ndi akazi oweramira makina osokera. Anthu amangowatcha atelala a pakhonde. Alibe chikwangwani, alibe chitseko chawochawo, ndipo maina awo sanalembedwe m'buku la bwana aliyense. Chikhalirecho, m'midzi yozungulira ndi owerengeka anthu amene sanaimepo pamaso pa mmodzi wa iwo, manja atatambasula, tepi yoyezera ili m'chiuno.

Mmodzi wa atelalawa ndi mkulu wina wa imvi zake, amene wakhala pa khonde limodzimodzi zaka zambiri kotero kuti miyendo ya makina ake inakumba timaenje pa simenti. M'mawa uliwonse amafika pa njinga, mutu wa makina ataukulunga m'thumba ndi kuumanga pambuyo. Miyendo ya makinawo imagona m'sitolo, pakuti ndi yolemera ndipo wakuba sangathamange nayo patali, koma mutu sugona kutali ndi mwini wake. Akafika amasesa pakhonde, nauika mutuwo pamalo pake, nakoleka lamba, nadontheza mafuta m'timabowo. Atatero amakhala pansi ndi kuyang'ana kumsewu. Kuyang'ana kumeneku ndi mbali yaikulu ya ntchito yake, ngakhale palibe amene amamlipira chifukwa cha iko.

Makinawo ndi a Singer, opalasa ndi mapazi, ndipo anali a malume ake. Malumewo anaphunzira kusoka m'masiku a Nyasaland, pa khonde la sitolo ya Mmwenye wina m'boma lomweli la Mulanje. Masiku amenewo munthu anali kugula nsalu m'kati mwa sitolo, kaya biriwita kaya khaki, natuluka nayo pakhonde, napatsa telala kuti amuyeze. Mwini sitolo anali kukondwera pakuti telala anali kumkokera ogula, telala nayenso anali kukondwera pakuti nsalu inali kumpeza ali chikhalire. Koma makina anali a mwini sitolo, ndipo mwezi ukatha telala anali kuwalipirira, kaya wasoka kaya sanasoke. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda linalamula kuti amalonda a Chimwenye achoke m'madera a kumidzi, akachite malonda awo m'mizinda monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Malume aja anali atasungako kangachepe, ndipo pa tsiku lopakira katundu anagula makinawo. Kufikira kumwalira kwawo anali kunena kuti tsiku limenelo ndilo anakhala munthu.

Mawu amenewa angaoneke ngati okokomeza kwa munthu wosadziwa chikhalidwe cha dera limeneli. Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja a ku Mulanje, mwamuna akakwatira amapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Munda umene amalima ndi wa eni mbumba, ndipo nyumba imene wamanga ili pa nthaka ya apongozi. Banja likatha, kapena mkazi akatsogola, kawirikawiri mkamwini amanyamula chofunda chake ndi kubwerera kumene anachokera. Ndiponso minda yomweyo ndi yaing'onoing'ono, popeza anthu ndi ochuluka ndipo nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri inakhala ya minda ya tiyi kuyambira kalekale. Chotero kwa mwamuna wotere makina osokera ndiwo munda wake weniweni, munda wokhawo umene angaunyamule pa njinga tsiku limene zinthu zavuta. Telala wobwereka makina amagawana thukuta lake ndi mwini makinawo, ndipo akadwala sabata ziwiri amapeza pampando pake pakhala wina. Wa makina akeake angasauke, koma palibe womuchotsa pantchito.

Komatu munda umenewu uli ndi chilema chimodzi chachikulu, ndicho chakuti subala pawokha. Telala amakolola pokhapokha anzake atakolola. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zagona ndipo ndalama iliyonse ikupita ku chimanga, palibe munthu amene amaganiza za diresi latsopano. Amene amabwera pakhonde ndi amene buluku lawo lang'ambika poipa, kapena zipi yawo yafa. Amafuna chigamba, ndipo malipiro ake amati adzapereka akakolola. Ena amabweretsa chinangwa kapena maungu, ndipo mkuluyu sakana, pakuti kunyumba kwakenso kuli mimba. Chimanga chikalowa m'nyumba zinthu zimayamba kusintha pang'onopang'ono. Koma nyengo yeniyeni ya telala wa ku Mulanje imadza ndi nandolo. Kuyambira cha mu Ogasiti ogula mbewu amapachika masikelo awo m'misika, ndipo ndalama ya nandolo ikalowa m'mipango ya amayi, zinkhoswe ndi maukwati zimayamba. Abale a mkwati amagula nsalu yofanana, abale a mkwatibwi yawonso, ndipo onsewo amafuna zovala zawo Loweruka lomwelo. Mu Sepitembala sukulu zimatsegulidwa, makolo nabwera ndi ana atawagwira padzanja kudzayezetsa yunifolomu. Amayi a Mvano amafuna mabulauzi oyera, makwaya amafuna zawo za Khirisimasi. Pa nthawi imeneyi makina salekeza kulira kufikira mdima, ndipo simbi ya makala sizizira.

Miyezi yowerengeka imeneyi ndiyo imayenera kudyetsa chaka chonse. Tsono chikagwa chinthu chowononga nyengoyo, telala amavulala chaka chathunthu. M'chaka cha 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa m'Malawi, linachepetsa nandolo wololedwa kulowa m'dziko lawo, pakuti alimi awo anali atakolola wochuluka. Mtengo unagwa koopsa. Alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anatsala ndi matumba m'nyumba, ena nagulitsa pa mtengo wosabweza ngakhale za thukuta. Mkulu wa pa Nkandoyu sanaonepo dziko la India, ndipo nandolo amene mkazi wake amalima ndi wodya basi. Koma chaka chimenecho maukwati ena anaimitsidwa, ana anapita ku sukulu ndi yunifolomu za akulu awo, ndipo zovala zimene anali atasoka kale zinakhala pa chingwe miyezi ndi miyezi, eni ake akudutsa tsidya lina la msewu, nkhope atatembenuzira kumsika.

Palinso chinthu china chimene chinasintha ntchito ya utelala, osati kwa chaka chimodzi koma kwa masiku onse. Pamene mkuluyu anali kuphunzira kwa malume ake, munthu wa kumudzi wofuna kuvala anali kugula nsalu ndi kupita nayo kwa telala. Nsalu yambiri inali kuchokera pafupi, ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inali kuomba thonje lolimidwa m'Malawi momwemo. Kunalinso lamulo la kavalidwe la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi afupiafupi, ndipo amayi anali kusoketsa zovala za nsalu ya chipani zokavinira pamaso pa Ngwazi. Za kukoma kapena kuipa kwa zimenezo ndi nkhani ina. Kwa telala inali ntchito. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, ndipo m'zaka zotsatira, malonda atamasulidwa, kaunjika anasefukira m'misika yonse. Fakitale ija inafooka kufikira inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003.

Nkwapafupi kumuda kaunjika, ndipo atelala ambiri amamuda ndi mtima wonse. Koma kunena zoona, kaunjika anaveka amphawi amene kale anali kuyenda msana uli pamtunda, ndipo malaya amene mkuluyu amavala akamadandaula za kaunjika anawatola pa mulu womwewo. Chimene kaunjika anachita ndi ichi: analanda telala ntchito yopanga, namsiyira yokonza. Zovala za m'mabelo zinasokedwera anthu a matupi ena, motero tsiku la msika anthu amachoka pa mulu kulunjika pakhonde kuti awachepetsere m'chiuno, awadulire miyendo, awapindire m'munsi. Ntchito yotere ndi yochuluka, koma malipiro ake ndi a mchere ndi sopo. Mkuluyu amadziwa kudula jekete, luso limene linamtengera zaka kuti alidziwe, koma papita nthawi yaitali chidulire jekete. Ndipo pamene mabelo anakwera mtengo, kufikira ogulitsa kaunjika a ku Lilongwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025, iye sanaone chokondwera nacho. Ochepetsa zovala anachepa, koma osoketsa zatsopano sanachuluke, pakuti nsalu yatsopano nayonso imagulidwa ndi ndalama yakunja yomweyo imene inali kusowa.

Chaka cha 2020, cha mliri wa Covid-19, sukulu zinatsekedwa mu Malichi ndipo misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa. Atelala anapulumukira pa tizidutswa ta zitenje timene kale anali kutaya, nasoka zophimba pakamwa ndi pamphuno. Chaka chimene chinamuyesa mkuluyu kwenikweni ndi cha 2023.

Mu Malichi chaka chimenecho namondwe wotchedwa Freddy anagwa pa chigawo cha kummwera. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, mitsinje inasefukira, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri, ndipo anthu mazanamazana anafa ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Kwa mkuluyu sikunafe munthu. Khoma limodzi la nyumba linagwa usiku, iye natuluka ndi mkazi wake ndi adzukulu, mutu wa makina atausenza paphewa. Chimene sanathe kutulutsa ndi sutikesi imene anali kusungiramo nsalu za anthu. M'menemo munali nsalu ya banja lina, yokonzera chinkhoswe cha pambuyo pa Pasaka. Anaifukula patapita masiku, itadya matope ofiira, yosachapika.

Patapita sabata zingapo mayi wa banjalo anafika pakhonde, nakhala pansi, napereka moni mwaulemu. Anati, "Bambo, zimene zinakugwerani tinamva, pepani ndithu. Koma nsalu ija tinachita kusonkherana pa mbumba, ndipo ine ndilibe chokanena kwa anzanga." Mkuluyo anayankha kuti, "Mayi, ndamva. Nsalu inali m'manja mwanga, ndiye kuti ngongoleyo ndi yanga. Mundipatse nthawi." Anthu ena anamuseka, nati mlandu wa mvula salipitsa munthu, ndipo mwina pa bwalo la mfumu akanapambana. Koma iye anali kudziwa chimene osekawo sanachiganizire. Telala wa pakhonde alibe setifiketi yopachika pakhoma, alibe kalata ya pangano, alibe kampani ya inshuwaransi yomuimirira. Anthu amamsiyira nsalu yawo napita kwawo chifukwa cha mbiri yake yokha. Ikamveka m'midzi kuti nsalu ikalowa kwa uje siibwerera, ngakhale chifukwa chake chikhale chomveka, makina amakhala chete. Anabweza nsaluyo pang'onopang'ono, nailipira ndi ndalama imene ikanamanga khoma.

Nyengo ya nandolo inamuwongolako. Kumapeto kwa Okutobala kwaya ina ya mpingo inagwirizana naye kuti awasokere yunifolomu ya Khirisimasi, nsalu akagule yekha ku Limbe. Anapangana mtengo pakamwa, napereka chikole, otsalawo adzamalize zovala zikatha. Iye anachedwa masiku owerengeka kuti amalize zimene zinali pa makina. Chakudza sichiimba ng'oma: pa 9 Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse, dola imodzi ya ku America nichoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Atafika ku Limbe anapeza mitengo ili ina. Nsalu, ulusi, mabatani, zipi, ngakhale singano za makina, zonsezo zimachokera kunja, ndipo zonse zinali zitakwera pamodzi. Chikole chimene chikanagula nsalu yonse chinali chosakwanira. Wa sitolo yaikulu amangofufuta mtengo wakale ndi kulemba watsopano, ndipo palibe womufunsa. Telala amene anapangana ndi anthu a mpingo, amene adzakumana nawo pa maliro ndi pa chitsime, sangafufute mawu ake chotero. Anayesa kuwapempha kuti awonjezere, iwo nawonjezerako pang'ono, nati nawonso zawathina.

Pamenepo panafika munthu wa katapila, monga amafikira anthu otere, ngati kuti ananunkhiza. Anati ndalama ilipo lero lomwe, kubweza kwake pakutha pa mwezi ndi chiwongoladzanja chake, chikole chake mutu wa makina. Mkuluyo anapita kunyumba akulingalira, ndipo madzulo anauza mkazi wake. Mayiyo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bambo, makinawo akapita, inu mudzatsala ndi chiyani m'mudzi muno? Dikirani tsiku la gulu lathu." Mayiyo anali wa banki mkhonde, gulu la amayi a m'mudzi amene amasonkha masheya sabata ndi sabata, nabwerekana ndalamazo pa chiwongoladzanja, ndi kugawana zonse pakutha pa chaka. Chiwongoladzanja cha kumeneko sichochepa ayi, koma chimabwerera kwa eni gulu, ndipo okongozawo ndi anthu odziwa kuti khoma la mnzawo linagwa. Vuto linali lakuti kugawana kunali pafupi, ndipo ngongole iliyonse inayenera kubwerera Disembala asanathe. Chotero mkuluyo anasoka usana pakhonde, usiku kunyumba, miyendo ya makina atabwereka kwa mnzake wa m'mudzi, tochi atamangirira pamphumi. Kwayayo inaimba pa Khirisimasi itavala bwino. Phindu panalibe, koma makina anatsala.

Nchodabwitsa kuti mkamwini amene anali kudalira makina kuti asadalire kwawo kwa mkazi anapulumutsidwa ndi gulu la mkazi wakeyo. Iye mwini sakonda kuikamba mbali imeneyi ya nkhani.

Kuyambira nthawi imeneyo maso ake sanabwererenso mwakale. Bowo la singano limamuzemba, ndipo ulusi wakuda pa nsalu yakuda sauona bwino dzuwa likapendeka. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa telala wa pakhonde ndi munthu wolembedwa ntchito. Wothyola tiyi m'minda ya kuphiri amalandira zochepa, koma tsiku lolandira amalidziwa. Lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo, koma telala alibe womulemba. Tsiku limene wagona ndi malungo ndi tsiku lopanda ndalama, pamene mwini khonde amayembekezabe zake mwezi ukatha. Penshoni ya telala ndi maso ake, msana wake ndi mawondo ake, ndipo zitatuzi sizikhala mpaka kalekale.

Pa Nkando pafikanso achinyamata, ena ophunzira m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Ali ndi makina a magetsi, ndipo masitayelo amawaona pa lamya za m'manja. Atsikana a masiku ano amapita kwa iwo, ndipo nzoona kuti ena mwa achinyamatawa amasoka bwino. Mkuluyu anawasekako nyengo imodzi yokha, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi nakhala akuzimazima kopitirira chaka. Masiku amenewo makina a magetsi anali kugona, a mapazi akulira. Koma iye amadziwa kuti kuseka kotero nkwa kanthawi.

Amene amamulowetsera ulusi pa singano tsopano ndi mwana wamkazi wa mlongo wake, amene analekera sukulu pa njira chifukwa cha kusowa fizi. Anayamba ndi kusita ndi kusokerera mabatani, kenaka mipendero, ndipo tsopano amadula yekha siketi ndi bulauzi. Salandira malipiro, monga mwa chizolowezi cha ophunzira ntchito, koma za zigamba zimene wasoka yekha ndi zake. Amayi ambiri amamasuka kuyezedwa ndi iye koposa ndi malume ake, ndipo wabweza pakhondepo ena amene anali atayamba kupita kwina. Atelala achikazi ambiri amasokera kunyumba, mwana ali kumbuyo, pa makina a mwamuna kapena a mchimwene, ndipo banja likasokonekera makinawo amapita ndi mwini wake. Mtsikanayu munda ali nawo kwa amake monga mwa mwambo. Chimene alibe ndi makina.

Nkhani imeneyi yakhala ikumusowetsa tulo mkuluyo. Makinawo anawalandira kwa malume ake, ndipo mwa mwambo wa makolo ayenera kutsikira kwa mwana wa mlongo. Koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a womwalirayo, ndipo iye ali ndi ana aamuna awiri, mmodzi ku Joni, wina woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Palibe mwa iwo amene anagwirapo sizasi. Iye akudziwa bwino kuti atamwalira osalongosola, makinawo adzagulitsidwa maliro asanaiwalike, ndipo ndalama yake idzatha pa mwezi umodzi. Kuwapereka ali moyo ndiyo njira yokhayo yotsimikizika. Koma kuwapereka ali moyo ndiko kukhala mkamwini wopanda kanthu m'mudzi wa eni, kudya za m'manja mwa mwana. Anakambirana ndi mkazi wake, anakambirana ndi mlongo wake, ndipo anagwirizana kuti nandolo akatha adzaitane ana onse ndi a mfumu, mawu anenedwe pamaso pa mboni, ndi kuti mtsikanayo azipatsa malume ake gawo la zimene wapeza masiku onse a moyo wawo. Nandolo anatha, koma tsikulo silinatchulidwe. Mkuluyo anati ayambe amaliza za Khirisimasi.

Madzulo ena a tsiku la msika, bondo litamuvuta, anamasula lamba, nachotsa mutu wa makina, naukulunga m'thumba monga mwa masiku onse. Anayesa kukwera njinga, koma mwendo unakana. Mtsikanayo anati, "Amalume, bwanji ndinyamule ine? Ndikasunga bwino, mawa ndibwera nawo." Kwawo kwa mtsikanayo ndi mudzi wina, tsidya lina la msewu. Mkuluyo anayang'ana thumbalo nthawi yaitali, kenaka analimanga yekha pa njinga ya mwanayo, nakoka chingwe kawiri kuona ngati chalimba. Anati, "Usakaike pansi, pali chinyezi. Ukaike pa mpando, kutali ndi khomo."

M'mawa mwake mwini sitolo pobwera kudzatsegula anapeza mkuluyo atafika kale, atasesa pakhonde, atakhala pa chitseko cha sitolo ndi botolo la mafuta m'manja, maso ali kunjira yochokera kwa mlongo wake.